Khutu la pa Bowo Lakale

Mutu 7

1. Choko pamimba pa sitima

Sitima inali itakokeredwa kumtunda kuyambira sabata yatha. Inakhala pa njanji zake ngati ng'ombe yodwala, mimba yonse ili poyera, ndere ndi tinkhono zitapalidwa kale. Pansi pake munthu ankatha kuyenda chowerama.

Kachangu anali mtsikana yekhayo pa bwalo lokonzera sitimalo. Atamaliza sukulu ya ntchito zamanja, amalume ake, omwe anali mmisiri wamkulu wa zamagetsi pabwalopo, anamutenga kuti azigwira nawo ntchito. Dzinali anamupatsa ndi anzake a pantchito, chifukwa ukamutuma sipanala ankabwera nayo iwe usanamalize kunena kukula kwake. Nthawi zina inkakhala yolondola.

Ntchito ya tsikulo inali yoyika khutu. Umu ndi mmene onse pabwalopo ankatchulira kachipangizo kozungulira, kakukula ngati chibakera cha munthu wamkulu, kamene kamamangidwa kunsi kwa sitima. Kamatumiza mawu pansi pa madzi. Mawuwo akagunda mchenga kapena mwala amabwerera, ndipo kagalasi ka m'chipinda cha woyendetsa kamalemba kuya kwa madziwo. Khutu lakale la sitimayi linali litafa, ndipo mtsinje umene inkayendamo unali utasuntha mchenga wake mvula itatha. Malo amene chaka chatha anali akuya, chaka chino mwana akanatha kuimapo.

Amalume anafika m'mawa diso lakumanja litatupa. Dzulo lake kachitsulo kanawathethekera m'diso, ndipo usiku wonse sanagone. Anati akupita kuchipatala, ntchito ya khutu aisiya m'manja mwa Kachangu. Aka kanali koyamba kumusiyira ntchito yaikulu yekha.

Asanapite analowa naye pansi pa sitima. Anayenda chowerama akupapasa chitsulo ndi dzanja, kenaka anaima, natulutsa choko m'thumba n'kujambula kamzere kozungulira.

"Tamvera mwanawe," iwo anatero, "ndipo umve ndi makutu onse awiri, poti ine lero ndatsala ndi diso limodzi. Bowo uboole apa, osati pena. Ndikudziwa kuti m'katimo, kuseri kwa chitsulochi, muli thanki ya madzi, ndipo kuisuntha kukudyerani tsiku lonse. Isuntheni. Khutu limafuna madzi osalala, odutsa mwakachetechete. Ukaliyika pafupi ndi pulopela yopalasa madzi ija, kapena kumbuyo kwa paipi yolavula madzi a injini, thovu limaliphimba. Thovu ndi mpweya, ndipo mawu a khutu sapyola mpweya. Choopsa chake n'chakuti sitima ikaima, khutu lotero limamva bwinobwino, anthu n'kukuombera m'manja. Limagontha sitima ikathamanga, nthawi imene akulifunitsitsa. Anthu amene amakwera sitimayi sadzaliona khutuli moyo wawo wonse. Amayi amagoneka ana pa mabenchi, azibambo amasinza atatsamira katundu, onsewo akudalira ntchito imene ili pansi pa madzi. Ntchito yooneka aliyense amaikongoletsa. Mmisiri timamudziwira pa ntchito yobisika. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iwe kudekha ndi kumene Mulungu anakupatsa kochepa."

Kachangu anaseka pang'ono, nati wamva. Amalume sanaseke. Anamupatsa chokocho m'manja n'kunyamuka atagwira diso.

2. Mabawuti adzimbiri

Womuthandiza tsikulo anali Mbaliwali, mnyamata wowotcherera zitsulo, wamkulu kwa iye ndi zaka zingapo. Ovololo yake inali yobowokabowoka ndi moto, ndipo pakamwa pake sipankapuma.

Awiriwo anatsikira m'mimba mwa sitima ndi tochi. Munkatentha, mukununkha dizilo ndi madzi oola. Thanki ija inali pomwe amalume ananena, itamangidwa ndi mabawuti ofiira ndi dzimbiri. Anathira oyilo, anamenya ndi hamala, anakoka sipanala onse awiri. Bawuti loyamba linamasuka dzuwa litakwera kale. Lachiwiri linaduka mutu.

Apa ndi pamene anatsika a Kaputeni, woyendetsa sitimayo, bambo wa imvi amene anakalambira pamadzi. Anayang'ana thanki, anayang'ana mabawuti otsala, n'kupukusa mutu. Anafotokoza kuti mwini sitima wawaimbira foni kawiri. Mlatho wa kumtunda kwa mtsinje unakokoloka, galimoto sizikufika kumidzi ya kumeneko, ndipo anthu adzaza kale padoko ndi katundu wawo kudikira ulendo wa mawa. Sitima inayenera kulowa m'madzi tsiku lomwelo, iyesedwe masana, mawa inyamule anthu.

Kachangu anayankha mwaulemu kuti amalume anati thanki isunthidwe kaye.

"Amalume akowo ali kuchipatala," anatero a Kaputeni. "Ine ndikufunsa iwe. Khutu likhala litamangidwa lero kapena ayi?"

A Kaputeni anati abweranso posachedwa kudzamva, n'kukwera makwerero.

Atangochoka, Mbaliwali anakodola Kachangu. Anamutsogolera chakumbuyo, kufupi ndi chipinda cha injini, nawalitsa tochi pansi. Panali kachitsulo kozungulira kotsekera bowo lakale, pomwe kale pankadutsa paipi ina. Anati iye akhoza kukachotsa mofulumira, ndipo kukula kwa bowolo kunali kofanana ndendende ndi khosi la khutu latsopano. Panalibe thanki yosuntha, panalibe choboola.

Kachangu anatuluka n'kukaona malowo kunja, pansi pa sitima. Bowo lakalelo linali kumbuyo kwa paipi yolavula madzi a injini, mtunda wosaposa mkono.

Atabwerera anamuuza Mbaliwali kuti malowo ndi omwe amalume analetsa.

"Chemwali, amalume akowo amayeza ngakhale mthunzi wa msomali," anatero Mbaliwali akuseka. "Madzi ndi madzi. Kodi thovu la kapaipi kameneko lingagonthetse chipangizo chatsopano chochokera m'katoni? Taganiza, madala akamabwera apeza sitima ili pamadzi, ntchito yatha. Pabwalo pano ayamba kukuvulira zipewa. Ukapanda kutero azinena kuti tinanena ife, ntchito ya sitima si ya atsikana."

Kachangu anatulutsa foni n'kuimbira amalume. Foni yawo inali yozimitsa. Anaimbanso, koma zinali chimodzimodzi. Anakhala kanthawi atagwira choko chija m'manja, kenaka anachiponya m'thumba la ovololo.

"Chotsani kachitsuloko, achimwene," iye anatero.

3. Kuombera m'manja

Ntchito yeniyeniyo anaigwira bwino, ndipo palibe akanamunena. Anapala m'mbali mwa bowo mpaka chitsulo chinawala. Anapaka phala lomatira lotseka madzi, nalowetsa khosi la khutu, nkhope yake italoza pansi mosapendeka. Nati ya m'kati anaimanga ndi dzanja kenaka ndi sipanala, osapyola muyezo. Waya anaudutsa kutali ndi mawaya a injini mpaka kukafika m'chipinda cha chiwongolero.

Akumaliza, wopenta anali akudutsa ndi burashi yake pansi pa sitima. Anafunsa ngati kamzere kozungulira ka choko kaja kali ndi ntchito. Kachangu anati kalibe. Burashi inadutsapo kamodzi, ndipo sikanaonekenso.

Masana injini yokokera inalira, zingwe zinamasuka, sitima inatsetsereka pa njanji n'kukhala pamadzi. Kachangu anathamangira m'mimba kukaona ngati bowo likudontha. Panali pouma. Anakwera m'chipinda cha chiwongolero, a Kaputeni nayatsa kagalasi. Nambala inatuluka yooneka bwino, ndipo m'modzi wa antchito atamiza ndodo yoyezera pambali pa doko, ndodo ndi kagalasi zinagwirizana.

Antchito anaomba m'manja. A Kaputeni anamugwira paphewa nati mwana wa mlongo wake wa mmisiri ndi mmisirinso. Mbaliwali anamutsinzinira diso. Kachangu anamwetulira, koma maso ake anabwereranso pa kagalasi.

A Kaputeni anati iye ndi Mbaliwali akwere nawo pa ulendo woyesera. Ankapita chakumtunda, mpaka pa mpata wa miyala pomwe mtsinje umapanikizika, n'kubwerera. M'sitimamo munalibe anthu aulendo. Munali a Kaputeni, antchito awo ochepa, ndi bambo wa injini amene ankakhala pansi, m'chipinda chotentha chija.

4. Akakowa

Poyamba sitima inkayenda pang'onopang'ono, ndipo nambala inkasintha monga iyenera, kukwera ndi kutsika. Kachangu anaima kumbuyo kwa a Kaputeni, maso ali pa kagalasi. Mtima unayamba kukhala m'malo.

Atatuluka pakati pa maboti a padoko, a Kaputeni anakankha chitsulo cha liwiro. Injini inabangula, pansi panayamba kunjenjemera. Nambala inaphethira, inazimirira, kenaka inabweranso. Inalemba mamita asanu ndi atatu.

A Kaputeni anati kuphethirako n'kwachibadwa, chipangizo chatsopano chimayamba chazolowera madzi.

Anapitirira malo otsukira mchenga, anapitirira mitengo yopendekera m'madzi. Nambala inali yomweyo. Mtsinje unakhota, sitima inakhota nawo, nambala osasintha. Kachangu ankadziwa zimene buku la chipangizocho limanena, kuti khutu likasiya kumva, kagalasi kamasunga nambala yomaliza imene kanalandira.

Anayang'ana kunja. Madzi a kutsogolo sanalinso akuda ngati a kumbuyo. Anali otuwa, ofiirira. Chapatali pang'ono, pakati penipeni pa njira yawo, panali akakowa atatu. Sankauluka. Anali ataimirira m'madzi, mawondo awo akuoneka.

A Kaputeni nawonso anaziona mbalamezo, koma anati zaima pa chipika cha mtengo, poti khutu likunena kuti pansi pali kutali. Anawonjezera kuti chaka chino maso awo sakuwakhulupirira, mtsinje wasintha, n'chifukwa chake anafuna khutu latsopano.

Kachangu anatembenukira kukhomo. Mbaliwali anali ataima pamenepo, kuseka kutamuthera. Anamupukusira mutu pang'onopang'ono, n'kuika chala pamlomo.

Miyala ya pa mpata inayamba kuoneka mbali zonse ziwiri. Sitima inkathamangabe.

"Bambo, chepetsani liwiro," anatero Kachangu.

A Kaputeni sanacheuke. Anafunsa ngati akuchita chizungulire, nati akasanzire kunja.

"Nambalayo ndi yabodza, bambo. Khutu silikumva. Ndaliyika kumbuyo kwa paipi, pomwe amalume analetsa. Chonde imitsani sitima."

Bambowo anamuyang'ana kamodzi kokha. Dzanja lawo linakoka chitsulo cha liwiro mpaka kumapeto, kenaka n'kuchikankhira chobwerera m'mbuyo. Injini inalira ngati ikung'ambika. Liwiro litatsika, kagalasi kanaphethira. Kanalemba mamita atatu. Kanalemba awiri.

"Gwirani zitsulo!" anakuwa a Kaputeni.

Sitima siima ngati njinga. Inapitabe kutsogolo, ndipo pansi panamveka mkokomo wautali wa chitsulo chikukhula mchenga. Zonse zinagwedezeka. Makapu anagwa pa shelefu. Mbaliwali anamenyetsa pakamwa pa chitseko. Kachangu anagwa chogwada, atakumbatira mwendo wa mpando. Kenaka kunangoti zii, akakowa aja akuuluka pamwamba pawo.

M'modzi wa antchito anathamangira kumphuno kwa sitima n'kusuzumira. Anabwerera nkhope itatuwa. Anati kutsogolo, mtunda woti munthu angaponye chingwe, pansi pa madzi pakuoneka msana wa mwala.

5. Mkono wa bambo wa injini

Sitima sinabowoke. Koma bambo wa injini anatuluka m'chipinda chake atanyamula mkono wakumanzere. Pogwedezeka paja anagwera pa paipi yotentha, ndipo khungu linasupuka kuchokera pachigongono mpaka padzanja. Sanalire. Anangokhala pansi akuluma mano, anzake akumuthira madzi ozizira.

Kachangu anabwera ndi bokosi la mankhwala. Bandeji inamugwa kawiri. Anati pepani. Bamboyo anamuyang'ana n'kupereka mkonowo kwa munthu wina kuti amumange.

A Kaputeni anaimbira boti lokoka kuti lidzawachotse pamchengapo. Atatha anamuitana Kachangu m'chipinda cha chiwongolero, nauza Mbaliwali kuti nayenso alowe. Mnyamatayo anali atagwira nsanza pa mlomo wong'ambika, ndipo anayamba kunena kuti iye ndi wowotcherera chabe, za makutu sazidziwa. A Kaputeni anamuuza kuti atseke pakamwa, magazi asathe.

"Mwana iwe," iwo anatero kwa Kachangu, "lero walankhula kawiri. M'mawa unalankhula ndi manja, unanama. Masana walankhula ndi pakamwa, wanena zoona, ndipo zoonazo ndi zimene zatisiya pamchenga m'malo mwa pamwala. Sindikuiwala zimenezo. Koma usaganize kuti chachiwiri chafufuta choyamba. Pepani sapoletsa chilonda, wamuona mnzathu uja. Inenso ndili ndi mbali yanga, ndinakupanikiza. Komatu kupanikiza ndi ntchito yanga. Woyendetsa aliyense amafuna sitima yake dzulo. Ntchito yako inali kundiuza kuti ayi. Ukanatero ndikanakalipa, ndikanamenya chitseko, mwina ndikanakunenera kwa amalume ako kuti ndiwe waulesi. Kukalipa kwa nkhalamba sikumiza sitima. Tsono taganiza chikhala kuti ulendo woyeserawu tinaudumpha, monga ena amachitira. Mawa pano pakanakhala anthu odzaza mpaka pamakwerero, ana ali kumsana, ine ndikuthamanga ndi nambala yako yabodzayo. Amene amakuuza kuti aliyense akuvulira chipewa, tsiku la mlandu chipewa chake amachikokera kumaso. Tamuona mnzakoyu."

Mbaliwali anayang'ana pansi. Kachangu misozi inatsika, koma sanaipukute. Anafunsa ngati sitima idzafunika kukokeredwanso kumtunda. A Kaputeni anati inde, ndipo anthu a padoko aja adikirabe.

6. Galimoto yoyera

Boti lokoka linawachotsa pamchenga movutikira, ndipo anabwerera pang'onopang'ono, wantchito ali kumphuno ndi ndodo yoyezera, akutchula kuya kwa madzi ngati kale.

Mbiri inali itawatsogolera. Podutsa pa doko la anthu aulendo, Kachangu anaona khamu litakhala pa matumba ndi mabokosi. Ena anaimirira n'kumaloza sitimayo. Mayi wina anafunsa mokweza ngati mawa kuli ulendo, koma palibe wa m'sitima anamuyankha.

Pa bwalo lokonzera sitima antchito onse anali atasiya ntchito. Kutsogolo kwawo kunali amalume, diso litamatidwa ndi thonje. Anadikira bambo wa injini atsike kaye, namuperekeza mpaka pa galimoto ya pabwalo yopita kuchipatala. Kenaka anabwerera n'kuima pamaso pa Kachangu.

Anangomufunsa funso limodzi, kuti khutu lili pati. Iye anayankha kuti lili pa bowo lakale, kumbuyo kwa paipi. Amalume anagwedeza mutu pang'ono. Sanakalipe, ndipo Kachangu akanakonda akanakalipa.

Nthawi yomweyo pageti panalowa galimoto yoyera. Inaima pafupi ndi njanji, ndipo munatsika mayi wamtali wovala magalasi, ndodo ili m'manja. Antchito anapatuka. Kachangu anali asanawaonepo, koma anamva wina akunong'ona kuti ndi mwini sitima.

Mayiwo anayang'ana sitima yawo kwa kanthawi, kenaka anafunsa mosakweza mawu kuti wamanga khutulo ndani.

Amalume anavula chipewa n'kuponda kutsogolo. Anayamba kunena kuti ntchito zonse zamagetsi pabwalopo zili pamutu pawo, ndipo ngati pali woyenera kuchotsedwa ntchito ndi iwowo.

Kachangu anawadutsa n'kuima patsogolo pawo.

"Ndine, mayi," iye anatero. "Amalume anandionetsa malo oyenera. Ndinasankha ena ndekha."

Mayi aja anavula magalasi, namuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Kenaka anatsekula chitseko cha kumbuyo kwa galimoto.

"Kwera, tikakambirane awirife," iwo anatero. "Amalume ako atsale."